Chingwe Chimene Sindinazule

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto. Ndimawotchereranso zitsulo. Ndinaiphunzira ku Ndirande, kwa mzibambo wina amene anali ndi galaja pansi pa mtengo wa mango, nditangofika kuchokera ku Nsanje ndi sitandade sikisi yanga. Kenako ndinatsegula yanga ku Zingwangwa, kuseri kwa nyumba imene tikukhala mpaka lero. Si galaja yeniyeni. Ndi malata asanu ndi limodzi pamwamba pa mapaipi, benchi imodzi, ndi makina owotcherera amene waya wake ndinakulunga ndekha.

Mzibambo uja anandiphunzitsa lamulo limodzi ndi khofi. Usanawotcherere pa galimoto, chotsa batire. Tsiku limene ndinaiwala anandimenya pamaso pa makasitomala, ndipo sindinaiwalenso. Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi dzanja limapita lokha pa batire ndisanagwire rodi yowotcherera. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti sindine munthu wosasamala.

Ana tinabereka anayi, otsala ndi awiri. Wamwamuna anapita ku Joni kalekale. Wamkazi, chitsirizira, ndi amene anafika ku koleji, m'tauni momwemuno, kukaphunzira za makompyuta. Kwathu konse, kuyambira kwa agogo, panalibe amene anafikako. Mchimwene wake anamutumizira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Ankagona nayo pamutu pa bedi.

Chaka chake chomaliza chinali chija magetsi ankazima tsiku lonse. Aliyense m'kalasi mwawo ankayenera kupanga chinthu chogwira ntchito, n'kukachionetsa kwa aphunzitsi. Chikagwira, dipuloma. Chikapanda kugwira, palibe dipuloma, ngakhale mayeso ena onse utakhoza.

Tsiku lina anabwera ku galaja ndikumasula sitata ya minibasi.

"Adadi, mota ya waipa ingathe kunyamula munthu?"

"Munthu wake wamkulu bwanji?"

"Ngati inuyo."

"Imodzi ayi. Ziwiri zitha."

"Nanga mungandipezere ziwiri?"

"Ufuna upukute ndani kumaso?"

Anakhala pa tayala n'kufotokoza. M'laputopu muja munali pulogalamu yopangira magemu. Iye ankaitchula kuti injini. Ndinamufunsa kuti mapisitoni ake ali pati, koma sanaseke. M'menemo anali atapanga galimoto ndi msewu. Munthu akamayendetsa galimoto ya m'gemuyo, pulogalamu imadziwa kuti yakhota, yaponda buleki, kapena yakwera hampu. Iye ankafuna kuti zimenezo zisathere pa sikirini. Zituluke, zidutse m'chingwe, zikafike pa kabolodi kakang'ono ngati chikhatho cha mwana. Kabolodiko kalamule mota, mota zigwedeze mpando umene woyendetsayo wakhalapo. Anati anthu ophunzira kuyendetsa akhoza kuyambira pamenepo asanakaphe nkhuku za eni ake mu msewu.

Za m'laputopu sindinazimve bwino. Za mpando ndinazimva.

Mota ziwiri ndinazipeza ku Ndirande, kwa ogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Mpando ndinachotsa m'minibasi imene inagona pa galaja yanga chaka chathunthu mwini wake osabwera. Pansi pa mpando ndinaikapo mfundo ya shafuti, ija imapindika mbali zonse, kuti mpando uzipendekera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Felemu ndinawotcherera ndi mapaipi a bedi lakale. Kuti kabolodi kazidziwa pamene mota yafika, tinamangirira tizitsulo totembenuza tija ta voliyumu ya wailesi. Maganizo amenewo anali ake. Ine ndinangopeza mawailesi akufa.

Kabolodi kanachokera ku Joni. Mchimwene wake anakapatsa kondakitala wa basi, ndipo kanatenga masabata atatu kuti kafike m'manja mwathu. M'masitolo a ku Blantyre kuno ndi ku Limbe kunalibe masiku amenewo. Anakatsegula ngati akusenda dzira lophika. Ine anandiletsa kukagwira ndi manja a girisi.

Mawaya akuluakulu ndinalumikiza ndine. Pa galimoto, waya wobwerera, amene ife timati efi, sutaya nthawi kuukokera mpaka ku batire. Umangoumanga pa bodi, chifukwa chitsulo chonse cha galimoto ndi njira. Ndinachita chimodzimodzi pa mpando. Efi ya batire pa felemu, efi ya mota pa felemu, ya kabolodi pa felemu pomwepo, bawuti imodzi. Iye anayang'ana, anayeza ndi mita, n'kuvomera.

Panatsala chingwe chimodzi chopyapyala, cha buluu, chochokera pa laputopu kupita pa kabolodi. Ndinafunsa kuti chimanyamula moto wochuluka bwanji.

"Ichi si cha moto, adadi. Ndi cha mauthenga."

"Mauthenga otani?"

"Manambala awiri. Ina ya mota yakumanja, ina ya yakumanzere. Zimadutsa imodziimodzi, ngati anthu powoloka mtsinje wa Naperi pa thabwa. Kenako chizindikiro choti uthenga watha, n'kuyambanso wina."

Mawu amenewo ndinawasunga monga anawanenera. Si cha moto, ndi cha mauthenga.

Chinthucho sichinagwire msanga. Sabata yoyamba kabolodi kankalandira zinyalala, zilembo zopanda mutu zimene ankandionetsa pa sikirini ngati ine ndingaziwerenge. Mpando unkangonjenjemera. Anapeza kuti laputopu inkalankhula mothamanga kuposa mmene kabolodi kankamvera, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kugwirizana liwiro. Atakonza zimenezo panabuka zina. Mpando unkachedwa. Galimoto ya m'gemu ikhota pa sikirini, mpando uli phee. Galimoto yawongoka kale, mpando ndiye ukupendekera. Anati gemu ikutumiza mauthenga ambirimbiri, kabolodi sikakutha kumeza, ndiye akuunjikana pa mzere. Anachepetsa kuti izitumiza mwa apo ndi apo, ndipo kabolodi kazitaya akale n'kutenga atsopano okha.

Zonsezi zinkachitika pa nthawi imene magetsi alipo. Akayaka, kaya ndi m'mawa kaya masana, aliyense ankathamangira chake. Wometa tsitsi, wa chigayo, ine ndi makina anga, iye ndi tchaja yake. Laputopu ija batire lake linali lotopa, osapitirira ola limodzi. Choncho ankaisiya yolumikiza pa soketi nthawi zonse kuti magetsi akangobwera iyambe kutchaja yokha. Soketi yake inali ya mu galaja, yomwe ija ndimalumikizapo makina owotcherera.

Mayi ake sankakondwa nazo. Ankaima pakhomo la kuseri manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, makasitomala akubwerera pa geti. Inu muli pa mpando wogwedera ngati khanda."

"Ndi sukulu ya mwana."

"Sukulu ya mwana ndiye mukhalepo ndinu?"

"Pakufunika munthu wolemera."

"Aa, pamenepo ndiye anasankha bwino."

Chinthucho chinagwira tsiku la Mulungu masana, titabwera ku Misa. Mwana wanga anandikhazika pa mpando n'kundipatsa chiwongolero chapulasitiki chimene anabwereka kwa mnzake. Ndinayang'ana pa sikirini ndipo ndinauzindikira msewuwo. Unali wathu womwewu, wochokera ku msika wa Zingwangwa kutsetserekera ku Chitawira. Anaikamo mahampu onse, ngakhale dzenje lija la pafupi ndi siteji limene limathyola masipuling'i a minibasi. Ine ndakonza galimoto zaka zonsezi koma laisensi ndilibe. Ndimangozisuntha pa galaja. Ndinaponda, galimoto inanyamuka, mpando unandikankhira kumbuyo. Ndinakhota, unapendekera nthawi yomweyo. Ndinafika pa hampu ndisanachepetse liwiro, ndipo mpando unandiponya m'mwamba mpaka chipewa chinagwa.

Ndinaseka. Sindiseka kawirikawiri.

"Iwe, jambula!" anakuwa mayi ake. "Jambula msanga, bambo ako aseka. Anthu sadzakhulupirira."

Anajambula pa foni. Ndinayendetsa mpaka magetsi anazima. Dzenje lija ndinaligwera katatu, kawiri mwadala, ndipo chipewa chinagwanso.

Tsiku lokaonetsa linali Lachiwiri la sabata yotsatira inayo. Lachinayi ndinapaka felemu penti wakuda, makoti awiri, kuti aphunzitsi asaone kuti ndi mapaipi a bedi. Pa bawuti ya efi ndinapala bwino kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo. Kwina konse kunali penti wokhuthala.

Loweruka m'mawa magetsi kunalibe. Iye anapita m'tauni kukasindikiza lipoti lake. Laputopu anaisiya pa benchi, yotseka, tchaja ili pa soketi, chingwe cha buluu chili pa kabolodi monga anasiyira dzulo lake. Ine ndinkapukuta mpando ndi kansalu. Ndi pamene ndinaona mng'alu pa kachitsulo kogwira mota yakumanzere. Unali waung'ono ngati tsitsi. Mwina ukanapirira mpaka Lachiwiri, mwina ayi. Ntchito inali yanga, ndipo sindinafune kuti ithyoke pamaso pa anthu ophunzira.

Cha m'ma teni koloko ndinamva ana a m'mudzi akukuwa kuti ayaka. Magetsi a masiku amenewo sunkadziwa ngati akhala ola limodzi kapena mphindi khumi. Ndinathamanga. Ndinachotsa batire, mawaya onse awiri, n'kulikankhira kutali ndi phazi. Chingwe cha buluu ndinachiona. Sikuti sindinachione. Ndinachikankhira pambali ndi dzanja kuti chisapse ndi zothetheka, ndipo mumtima ndinati ichi n'cha mauthenga.

Efi ya makina anga ndi chitsulo chopinda ngati mbedza. Ndinachikoleka pa mwendo wa felemu, pa penti. Masiku onse ndimayamba ndapala. Tsiku limenelo ndinali pa liwiro.

Ndinagunditsa rodi. Moto unayaka mofooka, rodi inakakamira. Ndinaizula, ndinagunditsanso, chimodzimodzi. Ndinapala penti pansi pa mbedza, ndipo kachitatu moto unagwira bwino. Ndinatseka mng'alu uja. Sizinatenge mphindi imodzi.

Nditakweza chigoba cha kumaso ndinamva fungo. Silinali la rodi. Fungo la pulasitiki wopsa ndimalidziwa, ndi limene limandibweretsera makasitomala. Kautsi kopyapyala kankatuluka pa kabolodi. Chingwe cha buluu chinali chofewa, chotentha, chitapindika chokha pafupi ndi laputopu.

Ndinamvetsa nthawi yomweyo, chifukwa ndi ntchito yanga. Moto wa makina unasowa njira yobwerera chifukwa cha penti, ndiye unapeza ina. Unadutsa pa felemu, pa bawuti ija ndinamanga ndekha, pa kabolodi, m'chingwe cha buluu, m'laputopu, m'tchaja, mpaka ku soketi. M'chingwe cha mauthenga munalinso waya wa efi. Munthu wa ntchito yanga amayenera kudziwa zimenezo osauzidwa.

Ndinasindikiza batani la laputopu. Palibe chinayaka.

Zimene ndinachita kenako ndi zimene zandipangitsa kulemba izi. Ndinazula makina owotcherera n'kuwabwezera pansi pa benchi. Ndinasesa zotsalira za rodi. Ndinadikira kuti chitsulo chizizire, n'kupaka penti pamene ndinawotcherera ndi pamene ndinapala. Batire ndinalibwezera. Kenako ndinatenga alutaneta ya kasitomala n'kukhala nayo panja, padzuwa.

Anabwera cha m'ma wani, atanyamula lipoti lake lomanga bwino ndi chikuto chapulasitiki. Anandionetsa tsamba loyamba, pamene analemba kuti akuthokoza bambo ake. Analowa mu galaja. Ndinamva batani likusindikizidwa kambirimbiri.

"Adadi, magetsi anabwera?"

"Anabwera."

"Nthawi yanji?"

"Teni."

"Anabwera mwamphamvu?"

Aliyense m'Zingwangwa anali ndi nkhani yake ya magetsi obwera mwamphamvu. Wina firiji, wina wailesi yakanema. Iye anandipatsa yekha khomo lotulukira, ndipo ine ndinatulukirapo.

"Mababu anawala kwambiri," ndinatero.

Ndinamuona kudzera pa mpata wa malata atagwada pambali pa mpando, akuyang'ana pansi pake. Anakhudza kachitsulo ka mota yakumanzere ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. Anachipukuta pa siketi. Kenako anatola kabolodi n'kulowa nako m'nyumba.

Madzulo mayi ake anandipeza ndikusamba m'manja kuseri.

"Bambo inu, m'mawa muja simumawotcherera?"

"Geti la anthu."

"Geti lake liti? Ine sindinaone geti pano."

"Anatenga."

Anandiyang'ana, n'kutenga beseni lake n'kupita. Takhala m'banja zaka zambiri. Sanafunsenso, ndipo kusafunsako kunali kolemera kuposa kufunsa.

Lamulungu ndinapita kukalapa Misa isanayambe. Kwa wansembe ndinanena zonse. Zinali zosavuta, chifukwa pakati pathu panali nsalu ndipo laputopu sinali yawo. Anandiuza kuti ndikamuuze mwanayo. Ndinavomera. Nditatuluka ndinaimbira foni mchimwene wake ku Joni kuti agule kabolodi kena, atumize ndi basi yoyamba. Nayenso ndinamuuza za magetsi obwera mwamphamvu.

Mwana wanga wamkazi sanagone pansi. Gemu anali nayo pa fulashi, ndipo mnzake anamubwereka laputopu. Lolemba anazungulira tsiku lonse kufunafuna kabolodi, ku Limbe, ku Ginnery Corner, kwa anzake a m'kalasi. Amene anali ndi tibolodi totere ankatigwiritsa ntchito pa zoonetsa zawo za tsiku lomwelo, titamangiriridwa kale ndi mawaya awo. Anapempha kuti amusunthire tsiku. Anamuuza kuti abwere ndi chimene ali nacho, akafotokoze pamaso pa aphunzitsi, iwo ndi amene akaone.

Lachiwiri tinakweza mpando pa pikapu ya kasitomala wanga. Ine ndinakhala kumbuyo ndikuugwira. Tinaunyamula awiri mpaka m'chipinda chimene ankaonetsera. Munali tebulo lalitali ndi aphunzitsi atatu. Wapakati anali mkulu wina wa imvi, wa kumpoto, wolankhula Chichewa pang'onopang'ono. Anandipatsa moni mwaulemu.

"Ndinu bambo ake? Mukhoza kukhala kumbuyoko ngati mukufuna."

"Ndidikira panja," ndinatero.

Ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pikapu. Pa zenera ndinkaona mitu yawo yokha. Ndinaona akuwerama kuyang'ana foni, ndipo ndinamva kuseka. Ndinadziwa kuti akuona chipewa changa chikugwa. Kenako kuseka kunatha. Mkulu uja anaimirira, ananyamula kanthu kakang'ono n'kubwera nako pa zenera kuti akaone ndi kuwala. Anakatembenuza kangapo. Ine ndinali pamtunda wa mapazi makumi awiri. Chitseko chinali chosakhoma.

Mwana wanga anatuluka patapita theka la ola. Anati tikanyamule mpando. Titafika kunyumba sanadye. Mawa lake m'mawa anabwera ku galaja n'kukhala pa tayala lomwe lija.

"Andilepheretsa."

"Vidiyo ija sanaione?"

"Anaiona. Akuti vidiyo aliyense akhoza kujambula pa chinthu cha wina. Koma akanandipatsa masabata awiri, adadi. Anali atatsala pang'ono kuvomera."

"Ndiye?"

"Anandifunsa chimene chinawotcha kabolodi. Ndinati magetsi obwera mwamphamvu. Aphunzitsi aakulu aja anafunsa ngati tchaja inapsa. Ndinati ayi, ikugwira. Anandionetsa pamene kapsa, pa njira ya efi, kuchokera mbali ya mpando. Anati magetsi a m'khoma sawotcha chotero. Anandifunsa kawiri. Ndinabwereza zomwezo kawiri. Ndiye anati pali ziwiri: kaya sindikudziwa mmene chinthu changa chomwe chinalumikizidwira, kaya ndikunama. Zonse ziwiri sizopatsira munthu dipuloma."

Ndinali ndi sipanala m'manja. Ndinaiika pansi.

"Ndinawotcherera," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Unadziwa liti?"

"Loweruka lomwelo. Penti anali wosauma."

"Bwanji sunawauze?"

"Inu munali panja pomwepo, adadi. Akanakuitanani. Ndikanati chiyani, kuti bambo anga, amene ntchito yawo ndi ya magetsi, ndi amene awotcha, kenako apaka penti? Ndimadikira kuti mwina mulowa nokha."

Sanalire, sanakweze mawu. Anaimirira, anasasa siketi kumbuyo, n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi ndinavala jekete la ku tchalitchi n'kupita ku koleji. Ndinadikira pa benchi mpaka mkulu uja atatuluka m'kalasi. Anandilowetsa mu ofesi. Ndinafotokoza zonse, batire, penti, mbedza, chingwe cha buluu. Za magetsi anazimva msanga, anagwedeza mutu ndisanamalize.

"Ndinaganiza kuti pali makina owotcherera pa nkhaniyi," anatero. "Ndinaona pamene munawotcherera chatsopano. N'chifukwa chake ndinamufunsa kawiri. Bambo, ngozi imachitika. Mwana akanena kuti yachitika ngozi yakuti, timamupatsa nthawi. Mukanalowa Lachiwiri lija."

"Ndabwera lero."

"Mapepala tinasainira atatu, anapita kale. Sindingawabweze ndekha. Abwerenso chaka chamawa, adzaonetse ndi anzake a m'mbuyo mwake. Ntchito yake ndi yabwino, mumuuze zimenezo. Mpando uja munawotcherera ndinu wonse?"

"Ndine."

"Ndi wolimba."

Ndinathokoza n'kutuluka. Ndinayenda wapansi mpaka ku Zingwangwa, ngakhale ya minibasi ndinali nayo.

Mwana wanga ndinamuuza zimene mkulu uja ananena. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti wamva. Patapita masabata awiri ndi theka kondakitala wa basi anaimba foni. Ndinakatenga ndekha kabolodi katsopano ku depoti, kali m'kathumba kake konyezimira. Ndinakaika pa tebulo patsogolo pake.

"Sungani, adadi. Ndidzakatenga chaka chamawa."

Mwezi wotsatira anapeza ntchito ku Limbe, m'kashopu kokonza mafoni. Anati n'zongodikirira. Chaka chamawa chitafika ndinamukumbutsa. Anati abwana ake sangamupatse masiku. Chaka chinacho ndinamukumbutsanso. Anati zinthu zasintha, pulogalamu ija inatuluka yatsopano, gemu yake siitsegukanso bwino, ayenera kuyambiranso. Mayi ake anandiuza padera kuti chifukwa chenicheni si chimenecho. Safuna kukaimanso pamaso pa anthu amene anamuona akunama. Chaka chachitatu sindinafunse.

Pano ali pa banja ku Machinjiri, ali ndi ana awiri. Akadali ku shopu ija, ndipo anthu amati ali ndi dzanja labwino pa mafoni. Anzake a m'kalasi ena ali m'mabanki, wina amaphunzitsa pa koleji pomwepo. Amabwera kudzationa mwezi ndi mwezi. Amandipatsa moni bwinobwino, amandibweretsera shuga ndi sopo. Ku galaja salowa. Akafuna kundilankhula amaima pakhomo la kuseri n'kuitana.

Mota ziwiri zija ndinazichotsa chaka china n'kuziika pa minibasi za anthu. Mpando ulipo, pakona, ndipo makasitomala amakhalapo podikira. Umapendekera uku ndi uku chifukwa palibe chougwira, ndiye ndinaikapo njerwa pansi. Ena amafunsa kuti mpando wotani uwu wokhala ndi shafuti. Ndimati unali wa sukulu ya mwana.

Masiku ano ndisanawotcherere ndimachotsa batire, kenako ndimazula chilichonse chimene chili ndi waya, ngakhale tchaja ya foni ya dalaivala. Madalaivala amadandaula kuti ndimachedwa. Wina anandifunsa kuti kachingwe ka foni kangatani. Ndinangokazula.

Kabolodi kali m'chitini cha mafiyuzi, pa shelefu yapamwamba, m'kathumba kake kosatsegula. Mwezi watha anabwera ndi ana, ndipo ali pakhomo la kuseri ndinamuuza kuti kakadalipo.

"Ooh," anatero. "Musakataye."

Anaitana ana kuti akwere minibasi kusanade.